Mlatho wa Pakati pa Katoni

Ananditumiza ku Rumphi ndisakudziwa ngakhale liwu limodzi la Chitumbuka. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo amayi anga atamva anangofunsa ngati kumeneko kumafika basi. Sukulu yomwe anandipatsa inali sekondale yoyendera, kutali ndithu ndi Boma, cha kunjira yopita ku Thazima. Ndinkaphunzitsa Sosho, phunziro lija limauza mwana kuti boma ndi iye mwini, kuti akalankhula amamveka, kuti chitukuko chimayambira m'mudzi n'kumakwera m'mwamba. Ndinkazinena zimenezi mokweza, choko chili m'manja, ndipo masiku amenewo ndinkazikhulupirira.

Kumbuyo kwa sukulu kunali mtsinje. M'chilimwe unali wonyozeka, mwana wa sitandade wani ankaudumpha osanyowetsa phazi. Koma mvula ikagwa kumapiri a Nyika, ngakhale pasukulu dzuwa likuswa mtengo, madzi ankatsika ofiira atanyamula zitsa ndi mapesi. Anthu ankati kale panali ulalo wa mitengo, koma unapita ndi madzi ine ndisanabwere. Ana a kutsidya ankawoloka atasenza mayunifomu ndi makope pamutu, n'kudzavalira m'tchire cha kuno.

Mmodzi wa ana a kutsidyawo anali mtsikana wa Fomu 3, wamtali, wosaseka msanga. Sanali woyamba m'kalasi, masamu ankamuvuta ngati anzake onse. Koma anali wamakani. Ukanena chinthu pabolodi ankakweza dzanja n'kufunsa kuti ndani anakuuza, ndipo ndikayesa kupereka moni wa Chitumbuka ankandikonza pamaso pa kalasi yonse, mopanda chisoni. Poyamba ankandipsetsa mtima. Kenako ndinazindikira kuti tsiku lomwe sanabwere ndinkaphunzitsa mogwa ulesi.

Dzinja la chaka chapitacho madzi anamugwetsa pakati pa mtsinje. Anakokoloka mpaka anagwira bango cha kumunsi, nsapato ndi makope zinapita. Bambo ake, mkulu wa mpingo komanso mphunzitsi wopuma wa pulayimale, anagamula nkhani: mvula ikadzabweranso mlatho palibe, sukulu yathera pomwepo. Sanali munthu wankhanza. Anali atamuona mwana wake anthu akubwera naye kunyumba atamukulunga m'chitenje cha eni, milomo itayera.

Teremu yoyamba itangoyamba, kunabwera anthu a bungwe lina pagalimoto yoyera. Anati akufuna ana asukulu apange okha masewero ophunzitsa anthu kutenga nawo mbali pa chitukuko cha dera lawo, ndipo sukulu zonse zikaonetsa masewero awo ku Boma mvula isanayambe. Ahedi anandiyang'ana ine, poti Sosho ndi wanga. Ndinasonkhanitsa ana odzipereka, ndipo mtsikana wa kutsidya anali woyamba kulowa.

Ana a kuno, ukawapatsa mpira amayamba asankha komiti. Ine ndinkaganiza kuti tijambula njoka ndi makwerero masana amodzi n'kuthana nazo. Iwo ayi. Anatsegula ndi pemphero, anasankha wapampando, mlembi ndi wachiwiri wake, ndipo mfundo iliyonse inkafuna woisekonda. Wapampando anakhala mtsikana uja, ndipo mutu wa masewero anaubweretsa yekha: momwe mudzi ungapezere mlatho. Palibe anatsutsa, poti onse ankadziwa chifukwa chake.

Kenako anakhazikitsa lamulo lomwe linatipweteka tonse. Anati kabokosi kalikonse ka pabolodi la masewerowo kakhale sitepe yeniyeni, yomwe munthu weniweni watiuza ndi pakamwa pake. Zopeka ayi.

"Madamu, tikalemba zabodza ndiye anthu akatsata zabodzazo," anatero. "Tifunse aliyense kuti nkhani ikachoka kwa iye imapita kwa ndani. Mbwenu, tikatero tijambule."

Ndinanyadira, kunena zoona. Ndinauza aphunzitsi anzanga kuti ana anga akuchita kafukufuku, osati zojambulajambula.

Tinapempha katoni yaikulu ya sopo ku golosale n'kuiphwasula. Zoyendetsa zinali zitsekerero za mabotolo, dayisi anasema pa kamtengo. Sukulu inatibwereka maka imodzi, cholembera chachikulu chakuda chija, ndipo ahedi anatichenjeza kuti ikabwerere yosauma.

Munthu woyamba kufunsidwa anali bambo ake omwe a wapampando, poti ndiwo anali mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Anatilandira atavala tayi, Loweruka masana, pakhonde. Anafotokoza mwadongosolo kuti mudzi ukagwirizana, nkhani imapita ku komiti ya dera lonse. Tinajambula kabokosi koyamba. Wapampando wa komiti ya dera tinamusowa kawiri konse, anali ku maliro, koma titamupeza anati iwo amangosanja zofuna za midzi, wonyamula nkhani ndi khansala. Khansala anatilandira bwino, anayamikira ana, n'kunena kuti mlatho wa mtsinje umenewo ndi waukulu, woposa mphamvu zake, tikaonane ndi anthu a phungu. Munthu wa phungu, yemwe ankasunga kaofesi pamsika, anati phungu ndi wokonzeka, koma sangayambe akatswiri a ku Boma asanabwere kudzayeza malo.

Palibe anatikalipira, palibe anatithamangitsa. Ndikadakonda wina akadatitukwana, bwenzi ndili ndi munthu womukwiyira. Onse anali aulemu, ena anatipatsa mipando, ndipo aliyense ankaloza kutsogolo ndi chala motsimikiza.

Pakati pa masitepewo ana ankaikapo timabokosi ta zomwe takumana nazo kapena zomwe anthuwo atiuza okha. Wapampando wapita ku maliro, dikira anzako aponye. Galimoto ilibe mafuta, bwerera m'mbuyo. Nkhani idikire chisankho chithe, khala pomwepo. Njirayo inkatalika, ndipo kuti ikwane pakatoni ankaikhotetsa pang'onopang'ono motsata m'mphepete.

Ku Boma tinapita ine ndi wapampando wathu ndi mlembi wa komiti ya ana ija, pa lole ya fodya yomwe inatitola pamsewu. Mu ofesi yomwe anatilozera tinapeza bambo wa kumwera, yemwe anasangalala kumva Chichewa cha kwathu mpaka anandifunsa za mbatata ya ku Ntcheu. Anamvetsera bwinobwino. Kenako anati iwo sangawotche mafuta kukayeza malo mudzi usanaonetse kuti uli ndi chidwi. Anthu atute mchenga ndi miyala aunjike pamtsinje, ndipo komiti ya m'mudzi ibweretsenso nkhaniyo mwatsopano, poti zofuna za midzi zimasanjidwanso chaka ndi chaka.

Mlembi ankalemba. Wapampando sanalembe kanthu.

Lolemba lake tinayala katoni pansi m'kalasi kuti tiike kabokosi komaliza. Mlembi anagwada n'kujambula: tutani mchenga ndi miyala, bwererani ku komiti ya m'mudzi. Atadzuka tonse tinaona. Kabokosi komaliza kanali katagundana ndi koyamba. Njira yathu inali yozungulira ngati mkombero wa lichero, ndipo palibe anachita kukonza kuti zitero.

Ine ndinayamba kulankhula zambirimbiri, monga amachitira mphunzitsi akasowa chonena. Ndinati mwina vuto ndi mchengawo, anthu a kutsidya angoyamba kututa.

"Mchenga timatuta chaka chilichonse, Madamu," anatero wapampando. "Amama anayamba kututa ine ndili ku pulayimale. Timautenga mumtsinje momwemo, timauunjika pamtunda. Mvula ikabwera mtsinje umadzautenga."

Ndinapita kukaona ndekha madzulo ake. Muluwo unalipodi, wamtali kufika m'chiuno, pambali pake miyala yomera ndere. Ndinali nditaudutsa kangapo konse, ndikuyesa kuti wina akufuna kumanga nyumba. Ana anawonjezera kabokosi kena: mtsinje watenga mchenga, yambiranso.

Apa ndi pomwe tinakangana. Ndinati masewero opanda mathero si masewero, wopambana adziwika bwanji? Ndinati tijambule muvi kuchoka pa kabokosi ka akatswiri kupita pa mlatho, basi, tithane nazo. Ndinali nditatopa, ndipo ndinkaopa kukachita manyazi pamaso pa sukulu za mishoni zomwe ana ake amalankhula Chingerezi ngati anabadwa nacho.

"Muviwo watiuza ndani?" anafunsa.

"Palibe, koma ndi momwe ziyenera kukhalira."

"Yayi, Madamu. Tinapangana."

Anatenga maka n'kujambula mlatho pakati penipeni pa katoni, mkati mwa mkombero uja. Anaujambula mosamala, wa zipilala ndi zogwirira m'mbali, pamwamba pake kamunthu kovala siketi kanyamula chikwama. Sanajambule njira yolowera. Anati pachionetsero ku Boma kukakhala mlendo wolemekezeka, munthu wamkulu kuposa onse omwe tawafunsa. Ameneyo sangalephere kudziwa. Akamupatsa maka pamaso pa anthu onse kuti ajambule yekha pomwe njira imalowera, ndipo akajambula ndiye kuti walonjeza.

Ndinamuyang'ana ndipo ndinachita mantha. Mwanayu sankapanga masewero ayi. Ankafuna kudzakhala m'kalasi mwanga mu Januwale, ndipo nzeru zake zonse anali ataziika pa katoni ya sopo.

Tsiku lachionetsero kunali kotentha, mitambo yakuda itaunjikana kumapiri. Holo inadzaza. Sukulu zina zinabwera ndi masewero okongola, opaka utoto: ukavota ukwera makwerero, ukapita ku msonkhano upeza chipatala, ukalandira ziphuphu njoka ikumeza. Athu ankaoneka ngati a ana amasiye. Koma alendo atafika patebulo lathu sanachokepo msanga. Anakhala pansi, amuna a mimba zawo ndi amayi a zikwama zonyezimira, n'kuyamba kuponya dayisi. Wina anagwera pa kabokosi ka mafuta ndipo holo yonse inamva kuseka kwake. Wina anagwera pa maliro, anzake n'kumuloza kuti ndi iyeyo ndendende. Ankaseka mpaka kupukuta misozi, akumenyana pamapewa.

"Izi ndiye zoona zenizeni," anatero mmodzi. "Ana awa atijambula."

Ine kuseka kumeneko kunandilowa ngati madzi ozizira. Ndinkayembekeza kuti akwiya, kapena achita manyazi. Sindinaganizepo kuti angasangalale.

Wapampando anadikira mpaka mlendo wolemekezeka atazungulira bolodi n'kubwerera pomwe anayambira. Kenako anapinda maondo, n'kupereka maka ndi manja awiri.

"Bwana, taonani mlatho uli pakatipa. Tafunsa konse, njira yolowera sitinaipeze. Tikupempha mutijambulire."

Bwanayo analandira maka, anaitsegula, anawerama pakatoni. Ndinaona nsonga yake ikuyendayenda m'mwamba pang'ono, kuchoka pa kabokosi kena kupita pa kena. Kenako anaweramuka, anatseka maka, n'kutembenukira kwa anthu. Anati ana oterewa ndiwo atsogoleri a mawa. Anati funso limeneli ndi lofunika kwambiri ndipo tonse tilitenge ngati homuweki. Anapempha kuti timuwombere m'manja mtsikanayu, ndipo tinawomba. Wojambula zithunzi anatiimika pamodzi. Wina ananong'oneza bwanayo kuti akudikiridwa kwina, ndipo akutuluka ndinaona maka yathu ili m'thumba la malaya ake, pambali pa zolembera zake zina. Sindikunena kuti anaba. Dzanja linangochita zomwe linazolowera.

Tinapambana. Anatipatsa chikho ndi matisheti, ndipo chithunzi chathu chinayenda m'mafoni mpaka mchemwali wanga ku Ntcheu ananditumizira. Pobwerera ana ankaimba pa lole. Wapampando anakhala kukona atakumbatira katoni, ndipo madontho oyamba atayamba kugwa anaifunditsa tisheti yake yatsopano.

Sukulu isanatseke ndinawoloka kukaona bambo ake, madzi ali m'maondo. Ndinawapempha kuti mwana adzakhale ndi ine m'dzinja. Nyumba yanga inali ya chipinda chimodzi, koma mphasa ikanakwana. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga amachitira pa msonkhano.

"Yewo chomene, Madamu," anatero. "Koma amama ake sali bwino, madzulo amadalira iyeyu. Ndiponso mwana wamkazi kugona kunja kwa nyumba ya bambo ake, ine mkulu wa mpingo, anthu aziti chiyani? Musadandaule. Nkhani ya mlatho taibweretsanso, pulosija yonse tatsata. Ili pa gawo labwino."

Ankakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Anali munthu wophunzira, woona mtima, yemwe moyo wake wonse sanadumphepo sitepe, ndipo sakanatha kuganiza kuti munthu angatsate ndondomeko yonse n'kufika pomwe anayambira. Ndinkafuna kuwagwedeza mapewa. M'malo mwake ndinamwa tiyi yemwe anandipatsa, n'kuthokoza.

Mu Januwale desiki ya mtsikana uja inali yopanda munthu. Ndinapita kumtsinje tsiku lina nditaweruka. Madzi anali odzaza mpaka m'mabango, ndipo pomwe panali mulu wa mchenga panali matope osalala. Ndinadziuza kuti abwera madzi akaphwa, tidzamuthandiza kupeza anzake. Madzi anaphwa, iye sanabwere. Ana a kutsidya anati amayi ake adwalika, kenako anati akuthandiza kusoka fodya, kenako anasiya kundiyankha. Chaka chisanathe ndinamva kuti wakwatiwa ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto.

Chikho chili mu ofesi ya ahedi, amaikamo mapini. Za maka anandikumbutsa teremu yonse. Katoni ija ilipobe, yang'ambika m'makona, ndipo ana atsopano amaikonda kwambiri pa nthawi yopuma chifukwa siitha. Anapeka lamulo lawo, loti belu likalira yemwe ali patsogolo ndiye wapambana. Ndinafunsa mmodzi kuti nanga chili pakaticho n'chiyani. Anati ndi chithunzi chongokongoletsa.

Sosho ndikuphunzitsabe, poti ndiyo ntchito yanga. Ndikafika pa mutu wa nzika ndi chitukuko ndimalemba pabolodi masitepe monga alili m'buku, ana amakopera, ndipo palibe amakweza dzanja kufunsa kuti ndani anandiuza. Mawu amatuluka okha, ine mwini ndili kwina. Zimandiwawa, ndipo sindikudziwa kuti ndingaphunzitse chiyani m'malo mwake.

Nthawi ya kalembera wa zisankho itafika, aphunzitsi ena tinatengedwa kukathandiza, ndipo malo olembetsera anali pasukulu pathu pomwe. Kunali m'chilimwe, mtsinje uli wonyozeka monga mwa masiku onse. Ndili patebulo ndinamuona mtsikana uja akukwera kuchokera kumtsinje, mwana kumbuyo, beseni la nthochi pamutu. Anadzagulitsa kwa anthu a pamzere. Anali ataonda, koma kayendedwe kanali komweko, ka munthu wopita kukafunsa funso.

Anandiona, anatula beseni, n'kubwera kudzapereka moni atapinda maondo. Anandionetsa mwana. Ndinayesa moni wa Chitumbuka, ndipo sanandikonze, ngakhale ndikudziwa kuti ndinaphonya.

"Zaka zakwana tsopano," ndinatero. "Chiphaso uli nacho? Khala apa ndikulembe, sutenga nthawi."

Anayang'ana mzere, anayang'ana makina ojambulira, kenako ine.

"Yayi, Madamu. Masewero aja ndinasewera kale."

Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu wokana chakudya poti wadya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zomwe ndimauza ana, kuti voti yako ndi mawu ako, koma ndinakumbukira yemwe ndikulankhula naye. Mawu ake anali atawanena kale, pamaso pa holo yodzaza, atapinda maondo, ndipo tonse tinamuwombera m'manja.

Anandisankhira nthochi zakupsa bwino n'kukana kuti ndilipire. Anati afulumire, poti masana amayi a kutsidya akukatuta mchenga.

"Mukututabe?"

"Adada akuti nkhani ili pa gawo labwino," anatero. "Ndingawauze chiyani? Akalamba."

Anasenza beseni n'kutsikira kumtsinje. Ndinamuyang'ana mpaka anadumpha kamadzi kaja osanyowetsa phazi, n'kudutsa pambali pa mulu watsopano. Bambo yemwe anali patsogolo pa mzere anatsokomola kuti andikumbutse, ndipo ndinatambasula dzanja kulandira chiphaso chake.